Timabala Titatu ta Dailesi

Ulendo wa ku Lusaka ndinaunyamuka nditakwiya kale, ndipo ndineneretu kuti amene ndinawakwiyira ndi asewere anga, aNaphiri a ku Sinda. Ine ndine Nambewe, kwathu ndi ku Vubwi, kumene ukamathamangitsa mbuzi umangozindikira walowa m'Mozambiki. Mwana wobereka ndekha ndilibe. Amene ndili naye ndi Dailesi, mwana wa malemu mng'ono wanga, yemwe ndinamulera kuyambira ali ndi mano awiri. Anakwatiwa ku Sinda ndi Lazaro, mwana wa aNaphiri, banja la mapemphero loti ngakhale nkhuku zawo zimadziwa nthawi ya tchalitchi.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha mimba osaoneka. Kuonjezera apo, Dailesi akapita kumwezi ankataya magazi mpaka maso kuyera, osatha ndi kusenza ndowa yomwe. Ine ndinachita zimene mayi aliyense wa kwathu akanachita. Ndinamutenga mwakachetechete kupita naye kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire, amene anamutema mphini m'chiuno ndi pamimba. Kwa apongozi ake tinanama kuti tinali kuchipatala, mpaka tinaonetsa kakhadi kakale. Bodzalo silinathe sabata. ANaphiri anaziona mphinizo, nkhani inafika kwa akulu a mpingo, Dailesi anaimitsidwa mgonero chaka chathunthu, matenda ali pomwepo. Kuyambira nthawi imeneyo dzina langa ku Sinda linali "amayi a kumalire aja".

Chaka chatha madokotala a mbali ya Katete anamuunika Dailesi ndi makina n'kupeza chotupa m'chiberekero, chachikulu ngati lalanje. Anamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Wodikirira wodwala ku wodi ya amayi amayenera kukhala mayi, aNaphiri mawondo anawakana kale, choncho Lazaro anandiimbira foni ine. Mawu ake ankamveka ngati a munthu amene akumeza mankhwala owawa.

Unali mwezi wa Juni, kuzizira koti makutu amachita kuuma. Kuchoka ku Vubwi ndinakwera kanta, lole yaing'ono yonyamula nsawa, nditakhala pamwamba pa matumba, chikwama nditachikumbatira pachifuwa. Pofika ku Chadiza fumbi linali litatisandutsa tonse mtundu umodzi. Apo ndinalowa m'kagalimoto koyenera anthu anayi koma tinalimo asanu ndi awiri, dalaivala atakhala thako limodzi. Mayi amene tinapanikizana naye anandifunsa kumene ndikupita. Ndinati ku maliro. Ulendo wa matenda suuzidwa aliyense.

Ku Katete ndi kumene ndinapsa mtima. Ndinapeza minibasi ya ku Sinda itatsala pang'ono kudzaza, kondakitala akukuwa kuti, "Awiri chabe, amama, manje manje tiyenda!" Ndinalipira n'kukhala. Koma maso anga sagona. Ndinaona kuti abambo atatu a kumbuyo analibe katundu ngakhale kapepala, nsapato zawo zinali zopanda fumbi, ndipo palibe amene ankayang'ana nthawi. Atalowa munthu wina, m'modzi mwa atatuwo anatsika ngati akukagula madzi, osabweranso. Atalowanso wina, wachiwiri anatsika.

"Iwe kondakitala," ndinatero, "anthu awa ndi apaulendo kapena ndi nyambo?"

"Ah, amama, musayambe nkhani. Khalani chabe."

"Ndikhale chabe? Wandikola ngati mbewa, ndiye ndikuthokoze?"

Anthu anaseka, iye osaseka. Tinanyamuka dzuwa litapendeka, patatha maola atatu. Ndinafika ku Sinda nditatsimikiza kuti m'dziko muno chilichonse chooneka chodzaza, uyambe wachisuzumira.

M'mawa mwake tinaima pamsewu waukulu kudikira basi yochokera ku Chipata. ANaphiri anatiperekeza ngakhale mawondo ankawavuta. Ndi mayi wamtali, wosaseka wamba, telala wosoka mayunifolomu a amayi a mpingo, ndipo munthu amamuyang'ana ngati akumuyeza nsalu. Basi itaonekera patali anandikokera pambali.

"Asewere, ine sindibisa mawu. Mapepala musadzavutike kundionetsa, ndinaonapo kale. Opaleshoni ili ndi chilonda. Ndidzachiona ndi maso anga, ndidzachithowa ndi manja anga. Koma mwanayu akadzabwera ndi mphini zina, basi isadzaime pano. Mudzapitirire naye kwanu ku Vubwi."

Lazaro anali pomwepo, maso ali pa zala za kumapazi. Ndinafuna kuyankha mawu oti aNaphiri akanawakumbukira mpaka kumanda, koma mlandu suola, ndipo wolakwa poyamba ndinali ine. Ndinangoti, "Mudzachiona chilondacho," n'kukwera.

Titadutsa Minga, Dailesi anayandikitsa pakamwa kukhutu kwanga.

"Amama, pali zimene sindinawauze amayi kunyumba. Akuti kumeneko sang'amba ayi. Amangoboola."

"Amaboola? Ndiwe dzungu iwe?"

"Timabowo ting'onoting'ono. Amalowetsa kamera ndi tizitsulo, n'kumaona pa TV. Akuti umachira msanga."

Ndinamuyang'ana mwanayo. Opaleshoni ine ndimaidziwa, sindichita kumva kwa anthu. Ndili mtsikana, nditangotha zaka zitatu m'banja, matenda omwewa anandigwira. Ananding'amba kuchokera pamchombo mpaka pansi. Chimene anachotsa anawaonetsa amayi anga m'beseni, ndipo ndinagona kuchipatala milungu iwiri. Nditadzuka anandiuza kuti chiberekero chapita limodzi ndi chotupacho. Mwamuna wanga anadikira kuti ndiyambe kuyenda, kenako anayenda ndi iye. Ndiye wina adzandiuze kuti lalanje lingatulukire pa kabowo? Ndinati mumtima, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Nkhani ya m'basi siikhala ya awiri. Bambo wina wa jekete lakuda, amene anati anali mphunzitsi, anatembenuka n'kutsimikiza kuti zimenezo ziliko, anaziwerengapo. Mayi wogulitsa nsawa amene anakhala mbali inayo anagwedeza mutu.

"Makina atsopano amayamba kuyesera pa ife akumudzi," anatero. "Muzikaonetsetsa, mayi. Musakasaine chinthu musanamve."

Mphunzitsi ndinamukayikira chifukwa ankadziwa zambiri. Wa nsawa ndinamukayikira chifukwa maso ake ankabwerabwera pa chikwama changa. Koma mawu amene ndinasunga ndi a wa nsawa. Pa mlatho wa Luangwa anzathu anatsika kukagula nsomba zouma, ine ndinakhala m'basi kulondera katundu. Mapiri amene anthu amawatama aja sindinawaone bwino, maso anali pa Dailesi amene milomo yake inali itayera.

Za Lusaka ndilibe zambiri. Ndi phokoso ndi anthu othamanga ngati asiya mphika pamoto. Dokotala amene anatilandira anali mtsikana woluka tsitsi, woti kwathu ndikanamutuma madzi. Ndinamufunsa funso limodzi.

"Chiberekero mumusiyira?"

"Cholinga chathu ndi chimenecho, amayi. Tichotsa chotupa chokha. Koma sindingakunamizeni, magazi akavuta titha kutsegula pamimba kuti timupulumutse."

Ndinamuletsa Dailesi kusaina mpaka namwino atatiwerengera pepalalo kawiri m'chinenero chathu. Tsiku la opaleshoni ndinakhala pa benchi maola anayi, ndikupemphera mapemphero amene aNaphiri akanadabwa kuti ndimawadziwa.

Atamutulutsa ndinadikira kuti anamwino achoke, n'kukweza chinsalu. Timapulasitala titatu! Kena pamchombo, tiwiri m'munsi, kalikonse kochepa kuposa chala changa chachikulu. Atatsitsimuka anayamba kudandaula phewa. Phewa! Munthu amuchita opaleshoni ya m'mimba, iye akulira phewa. Namwino anati ndi mpweya umene amapopera m'mimba kuti aone bwino, utha wokha. Ndinangoti "oho", koma mumtima ndinalemba.

Ndinapita kwa dokotala uja. "Beseni lili kuti?"

"Beseni lanji, amayi?"

"La chimene mwachotsa. Ndichione."

Anandifotokozera moleza mtima kuti chotupacho anachidula tizidutswa kuti chitulukire pa kabowo, ndipo tizidutswato anatitumiza kukapimidwa. Anandionetsa chithunzi cha zinthu zofiira zonyezimira, akuloza ndi cholembera kuti apa ndi chotupa, apa ndi chiberekero chili bwinobwino. Ndinagwedeza mutu mwaulemu. Koma kunena zoona, chithunzi chimenecho chikanatha kukhala cha m'mimba mwa mbuzi, ine sindikanasiyanitsa.

M'mawa mwake Dailesi anali akuyenda yekha kupita kuchimbudzi. Tsiku lachiwiri anatitulutsa. Anatilangiza kuti mabalawo asanyowe, asakanikizidwe, ulusi akachotse ku kiliniki ya kwathu, ndipo pa ulendo azitsika kuwongola miyendo paliponse basi yaima. Tinakhala masiku anayi kwa msuweni wanga ku Chawama. Dailesi ankadya, ankaseka, magazi anayamba kubwerera kumaso. Ine m'malo mokondwa ndinkangomuzonda. Kodi anamuchotsadi kanthu, kapena anangomugoneka tulo n'kumukanda?

Pobwerera basi inanyamuka kukucha. Inali yokongola kunja, yolembedwa mawu a m'Baibulo kumbuyo, koma itangodutsa Chongwe ndinamva kakulira kachilendo pansi pa mpando. Ndinamuuza kondakitala, iye anati, "Amama, ndimwe makanika?" Titaoloka Luangwa n'kuyamba kukwera mapiri a ku Kacholola, basi inatsokomola kawiri, inatulutsa utsi woyera, n'kuima pakati pa chitunda. Anyamata anathamanga kukaika miyala kumatayala ndi nthambi pamsewu. Ndinamuyang'ana kondakitala uja mpaka anatembenuza nkhope.

Tinakhala pamenepo kuyambira cha m'ma teni mpaka dzuwa litapitirira pamutu. Kumeneko Juni sadziwika, kumatentha ngati Okutobala. Dalaivala ankati makanika wanyamuka ku Nyimba, ola lililonse ankanyamuka ku Nyimba komweko. Ana a m'midzi yapafupi anabwera ndi masau m'timbale, mtengo ukukwera pamene njala yathu inkakula. Bambo wina amene ananyamula anapiye m'katoni anayamba kuwakupizira mphepo ndi chipewa, akuwalankhula ngati ana ake. Ena anakwera malole odutsa. Ine ndi wodwala sindikanayesa.

Pa nthawi ngati imeneyo anthu amagawana tchire, abambo kumanja kwa msewu, amayi kumanzere. Ndinamuperekeza Dailesi. Pomanganso chitenje tinaona kuti thukuta lamatula mapulasitala awiri, akungolendewera. Ndili m'kati mowakonza, mayi wina amene anali pafupi anasuzumira. Anali wa msinkhu wanga, wa ku Petauke, wovala duku loyera, munthu wooneka wabwinobwino.

"Pepani amayi," anatero monong'ona, "mphini zatsopano izi. Ndi wa kuti ameneyu? Nanenso mwana wanga wamkazi akuvutika chimodzimodzi."

"Mphini zake ziti? Iyi ndi opaleshoni! Tikuchokera kuchipatala!"

Anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene akukuthandiza kusunga chinsinsi. "Musaope, nanenso ndine wa mpingo. Sindiuza munthu."

Ndinamukalipira mpaka anachoka akupepesa. Koma pobwerera ku basi mawu akewo anandibwerera. Ndinachita mantha enieni. Mayi ameneyu analibe nafe chifukwa, sanadziwe za Mozambiki, koma anangoona kamodzi n'kuti mphini. Nanga aNaphiri, amene akudikira ndi maso oyezera nsalu aja? Pafupi ndi timabalato panali zipsera za mphini zakale zija, zakuda, zondandalika ngati mboni. M'maganizo ndinaona Dailesi akutsika nane ku Vubwi ndi chikwama chimodzi, monga ndinabwerera ine zaka zambiri zapitazo.

Makanika anafika ndi paipi yakale ndi waya, anaikonza basi, tinanyamuka. Pofika ku Nyimba nzeru inali itandibwerera, ndipo ndinkaiona ngati nzeru yaikulu. Anzathu akulimbirana nthochi, ine ndinalowa m'shopu ya mankhwala n'kugula mabandeji atatu aakulu ndi mpukutu wa thonje. Ndinamukokera Dailesi kuseri kwa zimbudzi zolipira.

"Kweza bulauzi."

"Amama, mukufuna kutani?"

"Akufuna chilonda. Tiwapatsa chilonda."

"Adokotala anati pasakanikizidwe."

"Adokotala sakwatiwa ku Sinda."

Ndinayala thonje kuchokera pamchombo mpaka pansi, ndendende pamene padutsa chipsera changa, n'kuzunguliza mabandeji onse atatu. Dailesi misozi inalengeza.

"Tinanamapo kale, amama. Munaona mmene zinathera."

"Nthawi ija tinkabisa cholakwa. Lero tikungothandiza choona kuti chioneke. Tsopano werama. Ayi, osati ngati ukufuna singano pansi. Gwira apa ndi dzanja, phazi uzilikoka, ukaponda uzikoka mpweya ndi mano."

Ndinamuphunzitsa bwino chifukwa ndinayendapo choncho miyezi iwiri. Ndipo taonani zimene zinachitika. Kondakitala yemwe uja, amene kuchokera ku Lusaka ndinkamupempha mpando wakutsogolo iye n'kumati mtsikanayu akuoneka bwino, atamuona akubwera chowerama anathamanga kukamugwira mkono. "Patukani, odwala apite!" Anachotsa munthu pampando wakutsogolo. Wa anapiye anamupatsa nthochi. Dalaivala anayamba kuzemba maenje. Ndinamutsina Dailesi n'kunena kuti, "Waona? Anthu amalemekeza bandeji." Kuyambira pa mphambano ya Petauke anali akutuluka thukuta, ndipo kubuula kwake ndinkakuyamikira kuti waphunzira msanga.

Tinatsika pa Sinda dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Lazaro anabwera ndi ngolo ya ng'ombe atayalamo matiresi. Ataona mkazi wake atapindika, mimba itatukuka ndi nsalu, anagwira pakamwa. Kumudzi tinapeza aNaphiri ataima pakhomo. Anayang'ana kayendedwe ka Dailesi, anayang'ana pamimba, nkhope yawo inafewa mmene sindinaionerepo.

"Mwana wanga, wavutika," anatero. Kenako kwa ine, "Asewere, mwagwira ntchito. Lowani."

Ndinalowa ngati mfumukazi. Nkhuku inali itaphedwa kale. Koma nditangokhala pamphasa m'chipinda, ndinaona mtsikana wa pakhomopo akulowetsa beseni la madzi otentha ndi kansalu, n'kutuluka. Kwathu mayi akachira kapena akachokera ku mpeni, apongozi kapena amayi ake amamuthowa ndi madzi otentha kuti thupi libwerere. ANaphiri anali atanena pamsewu paja, ine ndi nzeru zanga zonse ndinangosunga mawu a chilonda, a kuthowa ndinawataya.

"Asewere, adokotala aletsa kumasula," ndinatero msanga. "Mpaka sabata ziwiri."

"Bandeji yafumbi chonchi agone nayo? Yachita kuda ndi thukuta. Ndili nayo nsalu yoyera, ndachapa ndi kusita."

"Aletsa ndithu. Akuti mphepo ingalowe."

Maso oyeza aja anabwerera. Tinayang'anana. Amene anathetsa ndi Dailesi.

"Amayi, masulani. Ikundipweteka zoona. Masulani muone."

Ndinamuponyera diso loti likanagwetsa mbalame mumtengo, koma iye anayang'ana kumbali. ANaphiri anagwada movutikira n'kuyamba kumasula. Bandeji yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Ankaipinda bwinobwino pa dzanja, mwa utelala wawo, osafulumira, ndipo ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika. Yachitatu itatha thonje linagwa lonse pamphasa, loyera, lopanda ngakhale kadontho. Pamimba panali mizere yofiira ya kumanga kwanga, mphini zakale, ndi timapulasitala titatu. Anamatula kamodzi, anayang'ana, n'kutembenukira kukhomo.

"Lazaro!"

"Amayi?" anayankha ali panja.

"Ng'ombe usamasule. Alendo abwerera kumsewu."

Mtsinje wa Tinkanena unali utathera mu Siizi. Chilonda chabodza ndinamanga ndine, ndipo tsopano ngakhale ndikanalumbira pa Baibulo lawo, ndani akanandimvera?

Dailesi sanalire. Anagwira dzanja la apongozi ake, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Amayi, ndipita ngati mwatero. Koma tengani magalasi anu osokera aja. Muyang'ane kamodzi kokha pafupi, pawindo pali kuwala."

ANaphiri anapisa m'thumba la diresi, anavala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza mchombo wa mwanayo. Anamatula pulasitala yachiwiri, kenako yachitatu. Anatenga nthawi yaitali. Ndinaona chala chawo chikuyandikira, osakhudza.

"Pali ulusi apa," anatero, ngati akudzilankhulira. "Wabuluu."

"Eya, amayi. Akuti akachotse ku kiliniki Lachisanu."

"Mfundo yake iyi sindinaionepo. Yamangidwa katatu, n'kudulidwa mofanana mbali zonse." Anayang'ana mphini zakale zija, n'kubwereranso pa ulusi. "Izi anangotema n'kupaka zakuda. Apa munthu anasoka. Ndipo ndi dzanja lodziwa." Anavula magalasi. "Sing'anga sasoka."

Anakuwanso, "Lazaro! Masula ng'ombezo, zatopa." Panja ndinamva goli likugwa pansi msangamsanga, ngati mnyamatayo ankaopa kuti amayi ake asintha maganizo.

Ndinganene pano kuti Dailesi akadali ku Sinda. Ulusi anachotsa Lachisanu lomwelo, zopima zija zinabwera zoti chotupacho sichinali choopsa, ndipo miyezi yonseyi akupita kumwezi ngati mkazi wina aliyense, akusenza ndowa yake. Za mwana sindilosera, ndinasiya. Koma tsiku limenelo mlandu wanga unali usanathe. ANaphiri anatola thonje lija pamphasa n'kundionetsa.

"Nanga ichi, asewere? Mwanayu anali ndi choona m'thupi. Inu munachikwiriranji?"

Ndinafuna kunena za mayi wa ku Petauke, za kondakitala, za mawu awo a pamsewu. Zonsezo zinali zoona, koma sizinali zonse. Ndinaimirira, ndinamasula chitenje changa, ndinatsitsa siketi pang'ono. Chipsera changa ndi chachitali, chokhuthala, chokhota ngati msewu wa ku Kacholola. Kupatula amayi anga ndi mwamuna uja, palibe amene anali atachionapo, ngakhale Dailesi.

"Opaleshoni imene ndimaidziwa ine ndi iyi," ndinatero. "Chilonda chimene munkafuna ndi ichi. Aliyense amene akanachiona akanakhulupirira. Koma m'katimu anasiya mopanda kanthu, ndipo nyumba yanga inathera pomwepa. Nditaona timabala ta mwanayu, inenso sindinakhulupirire, asewere. Ndinkaona ngati atinamiza. Ndinaona ngati n'zosatheka kuti iye achire mophweka chonchi pamene ine..."

Ndinalira, ine Nambewe, pamaso pa aNaphiri, kulira kwa mamina komwe.

ANaphiri anayang'ana chipseracho ndi maso omwe aja, koma sanali kuyeza.

"Anakuthowani ndani?"

"Palibe. Amayi anadwala titangotuluka m'chipatala. Kwa amuna anga sikunabwere munthu."

Anaviika chala m'beseni. Anafunsa Dailesi ngati n'zoona kuti mabala ake sayenera kunyowa, iye anavomera. Anamuphimba ndi nsalu yoyera ija mosamala, n'kukokera beseni kufupi ndi mawondo awo.

"Madziwa ndawiritsa ndi nkhuni zanga, satayika," anatero. "Gonani apa, asewere."

"Papita zaka makumi awiri ndi zisanu, aNaphiri. Chinapola kale."

"Ndaona mmene chapolera. Gonani."

Ndinagona chagada pamphasa ya asewere anga. Anafinya kansalu n'kukaika pamimba panga, kotentha, dzanja lawo lolemera likutsika pang'onopang'ono kuchokera pamchombo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndidandaule kuti madziwo atentha kwambiri, koma ndinapeza kuti anali bwinobwino.